Mashini Osatsuka a Apongozi Anga

Ine ndinabadwira m'tiyi. Mayi anga ankathyola tiyi pa esiteti ku Thyolo, bambo anga ankagwira kufakitale, ndipo madzulo fungo la masamba ouma linkalowa nawo m'nyumba litakakamira pamalaya. Tinali osauka, inde, koma tiyi tinkamudziwa. Mayi ankatsuka ketulo ndi phulusa mpaka iwale, madzi akangowira n'kuponyamo masamba, kuvundikira pang'ono, n'kusefa. Ndiye wina asanene kuti ndinkachita matama. Chimene ndinkamwa ku Misuku chija sichinali tiyi ayi.

Ku Misuku ndinafikako chifukwa cha ukwati. Mwamuna wanga anali mphunzitsi wochokera ku Chitipa, ndipo tinakwatirana akuphunzitsa kwathu. Kenaka kunabwera lamulo lija loti aphunzitsi a kumpoto abwerere kwawo. Masiku amenewo lamulo sankalifunsa chifukwa, pakamwa panali podyera basi. Amalume anga anandiletsa. Anati kwathu kuno mwamuna ndiye amatsata mkazi, nanga iwe ukulondola munthu mpaka kumapiri ngati mbuzi yogula bwanji? Akazi anzanga ambiri anatsala. Ine ndinamanga katundu m'chitenje n'kukwera lole.

Kusukulu kumene anamutumiza kunalibe nyumba ya mphunzitsi, choncho tinakakhala pamudzi pa makolo ake, m'munsi mwa nkhalango ya Mughese. Kumeneko kumazizira mochita kulowa m'mafupa. Mmawa nkhungu inkatsika mpaka pakhomo, ndipo paliponse ukaponya maso ndi khofi ndi nthochi, minda yopendekeka yoti ukagwetsa khasu ukalitola kumtsinje.

Chinthu choyamba chimene anandiphunzitsa ndi kuthawa apongozi aamuna. Kwathu timawalemekeza apongozi, koma kumeneko ndi nkhani ina. Mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wawo, sayang'anana nawo, sayankhula nawo, salowa m'nyumba mwawo, ngakhale dzina lawo salitchula. Iwo akamabwera ankatsokomola kuti ndidziwe, ine n'kupatukira patchire, kugwada, n'kudziphimba kumaso ndi chitenje mpaka adutse. Lupsa ndi chitedze zinandidziwa bwino chaka chimenecho. Munthu ameneyu ndinkamudziwa mapazi ndi chifuwa basi.

Komatu ukwati wanga wonse unali m'manja mwa munthu yemweyo. Tinali titakhala zaka popanda mwana, ndipo azakhali a mwamuna wanga, amene ankakhala ku Kaseye, sanachedwe kutulutsa mawu. Anati ku Kaseye kuli mtsikana wa khalidwe, wodziwa chinenero, wodziwa kulima khofi. Mkazi kumeneko amalowoledwa ndi ng'ombe, ndipo ng'ombe zonse zinali za apongozi aamuna. Iwo akanangotsegula khola, ine ndikanadzuka tsiku lina ndili pamitala. Ndinamufunsa mwamuna wanga maganizo ake.

"Ine sindikufuna," anatero akuyang'ana nsapato zake. "Koma adada akanena, ndingakane bwanji?"

Ndinamuyang'ana mphunzitsi wamkulu ndevu pepeya, woopseza ana a eni ndi ndodo. Ndinadziwa kuti pamenepo palibe chipilala choti ndiyedzamire.

Mmawa wina apongozi aakazi anafika pakhomo panga atanyamula kapu yachitsulo ndi manja awiri. Anali mayi wamfupi, wosachedwa kuseka, ndipo Chichewa chawo chinkayenda chotsamira pa Chitumbuka.

"Mwaghona, mkamwana," anandipatsa moni wakumeneko, n'kunditambasulira tiyi. "Landirani chai. Adada anu atumiza, apanga okha m'mashini."

Mashini amenewo ndinali nditawaonapo kale posuzumira pampanda. Linali botolo lagalasi lokamwa kwambiri, lokhala m'kachitsulo kokhala ndi chogwirira, ndipo pachivundikiro pake panadutsa ndodo yopyapyala yokhala ndi sefa yozungulira kumunsi. Apongozi aamuna paunyamata wawo ankaphikira mzungu wina wophunzitsa ulimi wa khofi, ndipo mzunguyo pobwerera kwawo anawasiyira. Iye ankapangiramo khofi. Koma anthu akumeneko khofi amalima kuti agulitse, kumwa amamwa tiyi. Apongozi ankagula masamba a tiyi ochokera kutsidya ku Tanzania, omwe ankawatcha majani, okulungidwa m'kapepala. Mmawa uliwonse ankakhala pakhonde, kuthira majani m'galasi muja, shuga, mkaka wa ng'ombe zawo, madzi owira pamwamba, n'kudikira. Kenaka ankakanikiza ndodo ija pang'onopang'ono ndi chikhatho, nkhope ili serious ngati m'busa pa mgonero.

Ndinalandira kapu ija nditagwada. Fungo linandipeza kapu isanafike pamilomo. Linali fungo la nsanza yopukutira mkaka imene yaiwalika kuseri kwa mtsuko. Pamwamba pankayandama timafuta totuwa. Nditamwa, lilime langa linakumana ndi zinthu zitatu nthawi imodzi, kutsekemera kwa shuga, kuwawasa kwa mkaka wadzana, ndi kuwawa kwina kwakalekale kokhala ngati wanyambita msomali wadzimbiri. Ndinakweza maso kufuna poti nditayire, koma apongozi aakazi anali atakhala pansi patsogolo panga, miyendo tambalale, akundimwetulira.

"Malizani, mkamwana. Kapu ikabwerere yopanda kanthu, adada anu aione."

Ndinatseka mphuno mumtima n'kugugudiza. Ndinathokoza kuti yewo chomene, monga anandiphunzitsira, misozi ili m'maso. Iwo anayesa ndi misozi yachisangalalo.

Madzulo mwamuna wanga atamva anasangalala ngati wakwezedwa pantchito. Anati tiyi wa m'mashini samwa aliyense. Amamwa ndi abusa akabwera, ndi tcheyamani wa chipani, basi. Iye mwini, mwana wawo, ankamulawa pa Khirisimasi pokha. Popeza apongozi sakanatha kundiyankhula, kapu ija ndiyo inali pakamwa pawo. Ikamabwera ndiye kuti akundiganizira. Ndikamaibweza yopanda kanthu ndiye kuti ndayankha bwino.

"Koma akununkha," ndinatero. "Kodi mashini amenewo amatsukidwa?"

"Amatsukuluza ndi madzi. Mzungu uja anawauza kuti sopo asayandikire, amaononga kukoma."

"Mzungu uja sankathiramo mkaka!"

Anangoseka, nati ndizolowera. Sindinazolowere. Kapu inayamba kubwera mmawa uliwonse, ndipo ndinkadzuka ndi nseru ndisanaione n'komwe. Ndikangomva supuni ikulira m'galasi kutsidya kwa mpanda, malovu ankadzadza mkamwa. Tsiku lina ndinapezamo kanthu kakuda kamene kanakakamira pamano, ndipo ndinakameza osafuna kudziwa dzina lake. Akuluakulu anati kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna. Ine nthanga ndikanadya ndi manja awiri, koma ichi chinali chilango. Ndinkamwabe, chifukwa masiku onse amene kapu inkabwera, azakhali aja ankabwerera ku Kaseye chimanjamanja.

Mpata unapezeka tsiku la msonkhano wa chipani. Kunkabwera wamkulu wina kuchokera kuboma, ndipo anyamata a malaya ofiira anayenda khomo ndi khomo kutulutsa anthu kuti akadzaze bwalo. Ine ndinali nditangodzuka kumalungo, milomo yoyera, moti atandiona anandisiya. Ena onse anawathamangitsa tiyi ali pakamwa. Pamudzi panatsala ine ndi nkhuku.

Nditatuluka kukaothera dzuwa ndinawaona mashini aja ali pakhonde pa apongozi, pomwe anawasiya mwaphuma. M'nyumba mwawo sindikanalowa, koma khonde si nyumba. Ndinaima kanthawi ndikudziuza kuti ndibwerere. Kenaka kamphepo kanandibweretsera fungo lija, ndipo miyendo inapita yokha.

Ndinawatengera kuseri kwa khitchini ndi beseni, sopo, phulusa ndi chikonyo cha chimanga. Pansi pa galasi panali majani akale ogwirana ngati manyowa, chifukwa apongozi sankataya onse, ankangowonjezera atsopano pamwamba. Ndinawakokolola ndi kamtengo. Ndikupukuta sefa ija ndinamva ikuzungulira m'zala, ndipo ndinazindikira kuti imamasuka. Ndinapotokola, n'kutuluka tizitsulo titatu tosanjikizana.

Zimene zinali pakati pa tizitsulo timeneto sindidzaziiwala mpaka kumanda. Linali phala lakuda, lonanda, lokhuthala ngati chikhadabo, ndipo pansi pake panali lina lachikasu longa mafinya. Munali khofi wa mzungu uja, mkaka wa ng'ombe zimene zinafa kale, ndi shuga wa zaka zonse zimene mwamuna wanga wakhala ndi moyo. M'kawaya kozungulira m'mphepete munali miyendo ya mphemvu, yambiri, ndi kachikwa kake ka mazira katakanirira bwinobwino ngati kalipira lendi. Pamenepo ndinadziwa dzina la kanthu kanakakamira pamano kaja. Ndinathamangira kunthochi ndipo ndinasanza mpaka ndulu.

Nditabwerako ndinakwecha ndi ukali wonse. Ndinasintha madzi kangapo, ndinathira owira, ndinakwechanso. Pomaliza sefa inkawala moti dzuwa linkadutsa m'timaboo take. Ndinamanga zonse monga zinalili n'kukabweza pakhonde. Kunena zoona ndinkadzimva ngati ndapulumutsa mudzi wonse ku kolera, ndipo mpaka lero palibe angandiuze kuti kutsuka chiwiya n'kulakwa.

Mmawa mwake ndinatchera khutu pampanda. Ndinamva madzi akuthiridwa, supuni ikulira. Kenaka mawu a apongozi aamuna anakwera m'chinenero chawo, mawu amene ndinali ndisanawamvepo akukwera. Sindinamve tanthauzo, koma ndinamva kapu ikugwa pansi. Apongozi aakazi anabwera opanda kanthu m'manja, osaseka.

"Mkamwana, mwawachita chiyani mashini?"

"Ndangowatsuka, amama. Munali mphemvu."

"Adada anu akuti chai chafa. Akuti akumwa madzi a mumtsinje." Anapukusa mutu. "Mwapha chinthu chakale chomene."

Kuyambira tsiku limenelo kapu sinabwerenso. Poyamba ndinasangalala. Koma sabata isanathe azakhali aja anatulukira, ndipo ulendo uno sanabwerere tsiku lomwelo. Ndinawaona ataima ndi apongozi aamuna pakhola, akuloza ng'ombe iyi ndi iyo. Mwamuna wanga ankabwera kusukulu n'kudya mwakachetechete ngati mlendo. Nditamufunsa anati ndinaputa ndekha, chinthu cha adada sagwira. Ndinamuuza kuti akanaona zimene ndinaona ine sakanayankhula zopusa. Anati iye wakula ndi tiyi ameneyo ndipo sanafe.

Ndimachita manyazi kunena kuti ndinayamba kuilakalaka kapu ija. Mmawa ndinkakhala pakhomo ndikuyang'ana kanjira kochokera kwa apongozi, ine yemwe, kudikira madzi a mphemvu ngati mwana wodikira mayi ake kuchokera kumsika. Kupepesa sindikanatha, pakuti munthu amene sungamuyang'ane umupepesa bwanji? Kubwerera ku Thyolo kunali kukapatsa amalume anga chonena cha moyo wawo wonse.

Tsiku lina apongozi aakazi anabwera atafukata kanthu m'chitenje. Anakhala pansi n'kutulutsa mashini aja, ndi kapepala ka majani.

"Adada anu akuti amene wapha ndiye adzutse. Kuyambira mawa chai muzipanga ndinu, ine ndizikapereka."

Ndinati apa ndiye pabwera mwayi woti mkuluyu alawe tiyi weniweni kamodzi m'moyo wake. Ndipo ndivomere, mashini aja akakhala oyera ndi chida chabwino. Ndinkayamba ndatenthetsa galasi ndi madzi ofunda kuti lisasweke ndi kuzizira kwa kumeneko. Ndinkathira masamba, madzi owira, n'kudikira mpaka mtundu ufiire ngati dothi la kwathu, kenaka n'kukanikiza mofatsa osafinya masamba. Tiyi ankatuluka wofiira psuu, wopanda kachitsotso ngakhale kamodzi. Mkaka ndi shuga ndinkathira m'kapu, kumene kuli malo ake. Mayi anga akanamwa akanandiyamikira.

Kapu inabwerera yodzadza. Mawa lake ndinawonjezera masamba, inabwerera yodzadza. Ndinawonjezera shuga, ndinawiritsa mkaka, ndinayesa masamba a ku Thyolo amene ndinkasunga m'kachitini pansi pa bedi, koma apongozi ankangolawa kamodzi n'kubweza. Masamba anga abwino aja anathera nkhumba. Uku azakhali anali atayamba kufunsa mtengo wa mabulangete olowolera kusitolo.

Apongozi aakazi ndiwo anandimvera chisoni. Anandikokera m'khitchini mwawo n'kutsitsa chipanda chimene ankasungiramo chambiko, mkaka wowawasa uja anthu a ng'ombe amaukonda. Anachitsegula n'kundiika pamphuno. Ndinabwerera m'mbuyo.

"Chipanda ichi chinali cha apongozi anga," anatero. "Sichinaonepo sopo. Mukachitsuka, mkaka mukathira mawa sugwira, umangovunda. Zakale zija ndizo zimaphunzitsa zatsopano. Adada anu mashini amawaona ngati chipanda. Inu mumati ndi litsiro, iwo amati ndi mbewu."

"Ndiye nditani, amama? Zaka zonse zija ndizibweza bwanji?"

Analowetsa supuni m'chipanda muja, anakanda pansi penipeni, n'kutulutsa zotuwa zonanda. Kenaka anatenga tinjere ta khofi wokazinga n'kusinja pamwala. Anandipatsa zonse pa tsamba la nthochi.

"Mukamasule kaja munamasula, mupake, mumange. Ndipo madzi ozizira okha, mwamva? Majani adzulo osataya yayi."

Ndinapita nazo kunyumba nditatambasula mkono kutali ndi mphuno. Ndinakhala pansi n'kuyang'ana sefa yowala ija, ntchito ya manja anga. Ndinaganiza za mtsikana wa ku Kaseye akuyala mphasa m'nyumba yoyandikana ndi yanga, mwamuna wanga akugawa masiku ngati ndiwo. Ndinamasula tizitsulo tija ndipo ndinapaka ndi chala changa.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka mlimi wa litsiro. Mkaka ndi shuga ndinkathira m'galasi momwemo. Majani adzulo ndinkawasiya pansi. Ndikamaliza ndinkangotsukuluza pamwamba n'kuika mashini pamalo ofunda pafupi ndi moto kuti zigwire msanga. Madzulo ndinkanunkhiza kuti ndione ngati zikukula, monga mayi amaonera mowa. Zikanunkha kwambiri ndinkasangalala, kenaka n'kudzida chifukwa chosangalala. Mphemvu zokha ndinazikaniza. Ndinkavundikira ndi mbale n'kutsendereza mwala pamwamba, chifukwa ngakhale pamavuto munthu amakhala ndi malire.

Kapu inayamba kubwerera itatsika pang'ono. Kenaka theka. Nyengo yothyola khofi inafika, tonse tili m'munda zala zofiira, ine ndikuthawabe chifuwa cha apongozi pakati pa mizere. Fungo la mashini linali litafika poti ndikatsegula ndinkatembenuza nkhope.

Mmawa wina apongozi aakazi anachedwa kubwerako. Nditasuzumira pampanda ndinaona azakhali aja akutuluka ndi kathumba kawo, akuyenda mwamsanga osatsanzika munthu. Patapita kanthawi apongozi aakazi anafika, kuseka kwawo kutabwerera. Ananditembenuzira kapu pamaso, ndipo simunagwe ngakhale dontho.

"Amwa chonse. Ndipo awauza alongo awo kuti ng'ombe zili ndi ntchito yolima. Akuti mkamwana ali naye kale, wamakani koma womva."

Ndinakhala pansi pomwepo. Ndinalira, ndipo ulendo uno inalidi misozi yachisangalalo. Iwo anandisiya ndilire. Kenaka anatenga mashini aja, momwe munatsala tiyi wa pansi penipeni, wakuda, wa pamajani adzana. Anakanikiza ndodo mwamphamvu kuti atuluke yense, anadzadza kapu n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Akuti wotsalayu ndi wanu, mkamwana. Masiku onse."

Anakhala pansi patsogolo panga n'kutambalala miyendo, kudikira kapu.